Kodi amayendetsa magetsi a dziko ndani, nanga tikalakwiridwa tizipita kuti?

Funso: "Akatswiri, ndithandizeni kumvetsa. Magetsi akathima, kampani yomwe ndimagulako mayunitsi imati vuto lili kwa opanga magetsi. Opangawo amati sakulipiridwa. Mtengo ukakwera, kampani imati wakweza ndi bungwe loyang'anira za magetsi, bungwelo limati linangovomereza pempho la kampani, ndipo a boma amati iwo salowererapo. Ine ndimalipira malo amodzi, nanga enawa akuchokera kuti? Kodi sikukanakhala bwino kusiya zonse m'manja mwa kampani imodzi, kapena kungotsegula msika kuti makampani azipikisana ngati a mafoni? Ndipo ndikalakwiridwa ndizidandaula kwa yani?" — Mayi wina wowerenga

Mayi, zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu, ndipo mtima ukhale m'malo. Kusokonezeka kwanuku si umbuli ayi. Ndagwira ntchito ya zamagetsi zaka zambiri, makamaka mbali yowerengera mitengo, ndipo ndaona ngakhale anthu ophunzira kwambiri akusowa pogwira pa nkhani yomweyi. Nthawi zambiri aliyense mwa omwe mwawatchulawo amakhala akunenako zoona, koma amanena kachigawo kake kokha. Tiyeni tizione zigawozo pamodzi.

Magetsi asanafike pa babu lanu amadutsa ntchito zinayi. Yoyamba ndi kuwapanga, kaya ndi madzi, malasha, gasi, dizilo, dzuwa kapena mphepo. Yachiwiri ndi kuwanyamula mtunda wautali pa nthambo zikuluzikulu zija zokhala pa nsanja zachitsulo, zomwe zimayenda ndi mphamvu ya mavoti 132,000 kapena 400,000 kumene. Yachitatu ndi kuwagawa: kutsitsa mphamvuyo pa mathiransifoma mpaka ifike pa mavoti 230 omwe nyumba za m'mayiko ambiri zimagwiritsa ntchito, n'kuwayendetsa pa mapolo a m'misewu. Yachinayi ndi kugulitsa, kutanthauza mita, bilu, mayunitsi ndi kutolera ndalama. Inu mumaona ntchito yachinayiyi yokha, koma ndalama yomwe mwalipira imayenera kuyenda chobwerera mpaka ikafike kwa yemwe anazungulitsa makina.

Pali ntchito inanso yomwe anthu saidziwa, koma ndiyo mtima wa zonse. Magetsi sasungika mosavuta. Mabatire akuluakulu ayamba kufala, komabe pafupifupi magetsi onse omwe mukugwiritsa ntchito pano apangidwa kamphindi komweka. Choncho pamakhala chipinda china chomwe mainjiniya amakhalamo usana ndi usiku, kuonetsetsa kuti magetsi opangidwa akufanana ndi ofunidwa. Amayang'ana kagundidwe ka magetsi, komwe mu Africa ndi ku Ulaya kamayenera kukhala 50 pa sekondi, pomwe ku United States ndi 60. Anthu akamakoka magetsi ambiri kuposa omwe akupangidwa, nambala ija imatsika, ndipo ikatsika kwambiri makina amadzizimitsa okha podziteteza, dziko lonse n'kugwa mumdima. Kuthimitsa madera mosinthanasinthana kuja kumachokera pamenepa. Amene amakuthimitsirani ndi wogawa, koma lamulo limachokera m'chipinda chija, ndipo gwero lake limatha kukhala damu lomwe madzi achepa kapena siteshoni yomwe yawonongeka. Apa mutha kuona chifukwa chake kampani yanu imaloza chala kwa ena.

Tsopano pa funso lanu la mpikisano. Makampani a mafoni amatha kupikisana chifukwa aliyense akhoza kuimika nsanja zake popanda kuwononga chuma chochuluka. Nthambo za magetsi sizili choncho. Palibe nzeru yoti makampani atatu azike mapolo atatu pakhomo panu kuti inu musankhe. Mtengo wake ungakhale katatu ndipo wolipira mungakhale inu nomwe. Motero kunyamula ndi kugawa magetsi kumakhala m'manja mwa kampani imodzi m'dera lililonse, ngakhale m'mayiko olemera. Mpikisano umatheka kumayambiriro, kwa opanga, ndi kumapeto, kwa ogulitsa. Pakatipo ndi pa mwini mmodzi. Ndipo mwini mmodzi yemwe simungamuthawe, wogulitsa chinthu chomwe simungakhale opanda, amafunika womuyang'anira. Bungwe loyang'anira lija linabadwa pa chifukwa chimenechi.

Mayiko ambiri anayamba ndi kampani imodzi ya boma yogwira ntchito zonse zinayi. France inakhazikitsa EDF mu 1946, South Africa ili ndi Eskom, Zambia ili ndi ZESCO. Kachitidwe kameneka kali ndi ubwino wake: mapulani amachokera pamutu umodzi, ndipo zikavuta mumadziwa khomo logogoda. Vuto lake ndi lakuti ndalama zimasakanikirana. Simungadziwe ngati kampani ikuluza chifukwa cha makina okalamba, kapena magetsi obedwa, kapena antchito ochuluka. Chinanso, wamalonda yemwe akufuna kumanga siteshoni yake amachita mantha, chifukwa mwini nthambo ndi yemweyonso amene akupikisana naye.

Kusintha kunayambira ku Chile ndi lamulo la 1982, kenako England ndi Wales, komwe mu 1990 anagawa bungwe lalikulu la boma n'kugulitsa zigawo zake zambiri. M'zaka zotsatira, mabungwe obwereketsa ndalama monga World Bank analimbikitsa mayiko osauka kutsata njira yomweyo: patulani ntchito, khazikitsani woyang'anira woima payekha, lolani amalonda alowe. Kenya inapatula KenGen kuti izipanga magetsi payokha mu 1997. Uganda inagawa kampani yake patatu mu 2001, ndipo mu 2005 inabwereketsa ntchito yogawa kwa kampani ya Umeme kwa zaka 20. Mgwirizanowo utatha mu 2025, ntchitoyo inabwerera ku kampani ya boma. Nigeria inagulitsa makampani opanga ndi ogawa mu 2013, nthambo zikuluzikulu n'kutsala m'manja mwa boma. Ku Malawi, kampani yopanga magetsi ya EGENCO inapatuka ku ESCOM n'kuyamba ntchito mu 2017. South Africa inapatula nthambi yonyamula magetsi kukhala kampani yapayokha pansi pa Eskom mu 2024.

Mayiko ambiri a mu Africa anaima pakati pa njira. Ali ndi wogula mmodzi, yemwe amagula magetsi kwa opanga onse, a boma ndi oima paokha, n'kuwapereka kwa ogawa. Msika weniweni woti khomo lililonse lizisankha womugula, monga zilili ku Britain, umafuna opanga ambiri, magetsi otsala, ndi makasitomala olipira mokhulupirika. Dziko lomwe magetsi ake ndi operewera kale silingakhale ndi mpikisano woona, chifukwa aliyense yemwe ali ndi makina amadziwa kuti mumufuna basi.

Maganizo anga, nditaona mbali zonse, ndi awa: kugawa kampani sikubala magetsi. Kumathandiza kuti ndalama zioneke poyera komanso kuti amalonda alimbe mtima, koma ngati ndalama yotoleredwa kwa makasitomala ndi yochepa kuposa yomwe yalowa popanga ndi kunyamula magetsi, kugawako kumangosandutsa bowo limodzi kukhala mndandanda wa ngongole. Wogawa amalephera kulipira wogula mmodzi, wogulayo amalephera kulipira wopanga, wopanga amalephera kugula zipangizo, makina amafa, magetsi amathima, makasitomala amakhumudwa n'kuyamba kuzemba kulipira. Zimenezi zavuta kwambiri ku Nigeria ngakhale makampani anagulitsidwa. Nawonso msika wotseguka umaluma ukakonzedwa molakwika. Ku California mu 2000 ndi 2001, mitengo yogulitsira anthu inali yomangidwa pomwe mitengo yomwe makampani amapikulira inkakwera mosaletseka, amalonda ena monga Enron ankachita chinyengo pamsika, magetsi anayamba kuthima, ndipo kampani yaikulu ya Pacific Gas and Electric inamira m'ngongole mpaka kukapempha chitetezo ku khoti. Kumbali inayo, kuli makampani a boma ogwira ntchito zonse omwe akuyenda bwino. Chomwe chimasiyanitsa si chiwerengero cha makampani ayi, koma ngati ndalama ikuyenda, ngati mapulani akupangidwa nthawi yabwino, komanso ngati woyang'anira ali ndi mano.

Tifike tsono kwa woyang'anirayo. Maina amasiyana: NERSA ku South Africa, ERB ku Zambia, EWURA ku Tanzania, EPRA ku Kenya, MERA ku Malawi, Ofgem ku Britain. Ntchito zake n'zofanana. Bungweli limapereka ziphaso kwa aliyense wofuna kupanga, kunyamula, kugawa kapena kugulitsa magetsi. Limavomereza mitengo. Limaika miyezo, monga masiku omwe munthu ayenera kudikira kuti alumikizidwe ndi nthawi yomwe vuto liyenera kukhala litakonzedwa. Limamvanso madandaulo. Lili ngati woyimbira mpira: silimenya nawo, komanso malamulo a masewero sililemba lokha. Malamulo amachokera ku Nyumba ya Malamulo, ndondomeko imachokera ku unduna, ndipo makhoti alipo kuti aunikenso zigamulo zake.

Nkhani ya mtengo ndi yomwe ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ndi pomwe pamakhala kusamvana kwambiri. Onse awiri amanena zoona: kampani ndiyo imapempha, bungwe ndilo limagamula. Kampani imabweretsa mabuku ake n'kunena kuti pa zaka zitatu, zinayi kapena zisanu zikubwerazi ifuna ndalama zakutizakuti. M'menemo muli ndalama zogulira magetsi kwa opanga, malipiro a antchito, zokonzera nthambo, kutha kwa zipangizo chifukwa cha ukalamba, ndi phindu loyenera pa chuma chomwe chinalowetsedwa. Woyang'anira amadutsa mzere uliwonse n'kufunsa kuti, kodi ichi n'chofunikadi? Kodi chinagulidwa pa mtengo woyenera? Zomwe zakanidwa zimachotsedwa, zotsalazo zimagawidwa ndi mayunitsi omwe akuyembekezeka kugulitsidwa. Kawirikawiri chomwe chimavomerezedwa chimakhala chochepa kuposa chomwe chinapemphedwa.

Pali mzere umodzi womwe ndimafuna kasitomala aliyense aziudziwa, wa magetsi otayika. Tiyerekeze kuti kampani yagula mayunitsi 100 koma yagulitsa 80 okha. Ena atha ngati kutentha m'nthambo ndi m'mathiransifoma, zomwe sizingapewedwe kotheratu. Ena abedwa ndi olumikiza mozemba, ena asowa chifukwa cha mamita owonongeka. Funso ndi lakuti, alipire mayunitsi 20 aja ndani? Woyang'anira wabwino amaika malire, amati tikulolani kuika pa mtengo mayunitsi otayika ofika apa, oposa apo ndi mutu wanu. Woyang'anira wofooka amangololeza zonse, inu olipira mokhulupirika n'kumasenza katundu wa akuba. Mukamva za pempho lokweza mtengo, funsani kuti kampani inalonjeza chiyani ulendo wathawu ndipo inakwaniritsa zingati. Funso limeneli limaposa kufuula konse.

Mwina mwaonanso mtengo ukusintha pakati pa nyengo popanda pempho latsopano. Mayiko ambiri ali ndi njira yosinthira mtengo ndalama ya dziko ikagwa mphamvu, mafuta akakwera kapena katundu akadula. Chifukwa chake n'chakuti zipangizo zambiri zimachokera kunja, ndipo migwirizano yambiri ndi opanga oima paokha imalembedwa m'madola. Migwirizano imeneyi ndiyofunika kuiyang'anitsitsa. Imatha zaka 20 kapena 25, ndipo yambiri imati wogula azilipira siteshoni chifukwa choti ilipo ndipo ndi yokonzeka, ngakhale magetsi ake asatengedwe. Izi si kuba. Popanda lonjezo lotere banki singabwereketse ndalama zomangira. Koma mgwirizano wotere ukasainidwa m'chipinda chotseka, pa mtengo wokwera, popanda mpikisano, ana anu adzaulipirabe. N'chifukwa chake ndimakonda kuti opanga azisankhidwa kudzera mu mpikisano wapoyera wa mitengo. South Africa itayamba kuchita zimenezi mu 2011 pa magetsi a dzuwa ndi mphepo, mitengo inatsika kwambiri m'mipikisano yotsatira.

Nanga boma likamati sililowererapo? Pa pepala, m'mayiko ambiri, n'zoona. Lamulo limati bungwe loyang'anira likhale loima palokha. Koma boma ndilo limasankha mamembala a bodi, nthawi zambiri ndilo mwini kampani ya magetsi, komanso maofesi ake ali m'gulu la makasitomala aakulu, ena mwa iwo ochedwa kulipira. Chisankho chikayandikira, palibe wandale yemwe amafuna kumva za kukwera kwa magetsi. Mtengo umamangidwa, anthu amasangalala, ndipo zotsatira zake zimadzaoneka patapita zaka, makina atatha. Kuchedwa kupanga chiganizo nakonso kumapweteka. Ku South Africa, chikalata cha boma cha 1998 chinachenjeza kuti magetsi adzaperewera pofika cha m'ma 2007, koma chilolezo chomanga masiteshoni atsopano chinachedwa, ndipo kuthimathima kutayamba, pulezidenti wa nthawiyo Thabo Mbeki anavomera poyera kuti boma linalakwitsa. Siteshoni yaikulu imatenga zaka zambiri kuimanga, choncho mdima wa lero nthawi zambiri umakhala mwana wa chiganizo chomwe sichinapangidwe kalekale.

Sindikunena kuti mtengo uzingokwera. Boma lili ndi ufulu wonse woteteza osauka, ndipo liyenera kutero. Njira yoongoka ndi kuika mayunitsi oyambirira a mwezi pa mtengo wotsika, kapena kupereka ndalama yothandizira yolembedwa poyera m'bajeti. Njira yokhota ndi kulamula kampani kuti igulitse motchipa kenako osailipira kusiyanako. Kumbukiraninso kuti m'mayiko ambiri a kum'mwera kwa Sahara anthu ochuluka, makamaka a kumidzi, alibe magetsi n'komwe. Mtengo ukatsitsidwa kwa aliyense, opindula kwambiri amakhala omwe amagwiritsa ntchito magetsi ambiri, pomwe wopanda nthambo sapezapo kanthu.

Mayiko amagulitsananso magetsi. Kuyambira 1995, makampani a mayiko a SADC ali mu mgwirizano wa Southern African Power Pool, momwe yemwe ali ndi otsala amagulitsa kwa woperewera. Zimathandiza, koma chilala chikagwa m'chigawo chonse, monga cha 2024 chomwe chinachepetsa kwambiri madzi m'damu la Kariba, pamalire a Zambia ndi Zimbabwe, ogula amachuluka kuposa ogulitsa.

Tsopano pa zoti muzichita mukalakwiridwa. Yambani ndi kampani yomwe mumagulako magetsi, chifukwa mgwirizano wanu uli ndi iyo, osati ndi opanga. Kaya gwero la vuto lili kutali, woyankha kwa inu ndi yemwe amalandira ndalama yanu. Mukadandaula, pemphani nambala ya dandaulo lanu ndipo muilembe pamodzi ndi tsiku. Ngati mwalankhula pa foni, tsatizani kalata kapena uthenga wolembedwa. Sungani malisiti a mayunitsi, jambulani mita, ndipo ngati katundu wapsa chifukwa cha kukwera kwa mphamvu ya magetsi, musamutaye. Jambulani, lembani nthawi yomwe zinachitikira, funsaninso anansi ngati nawo zinawaonekera. Ndaona madandaulo ambiri oona akugwa chifukwa chosowa umboni basi. Ngati mukukayikira mita, muli ndi ufulu wopempha kuti iyesedwe, koma musaitsegule nokha kapena kulola munthu wamba kuikhudza, chifukwa mlandu ungakutembenukireni.

Nthawi yomwe kampani inalonjeza ikadutsa popanda yankho, kapena yankho likakhala losakhutiritsa, pitani ku bungwe loyang'anira mutanyamula mapepala onse aja. Pafupifupi paliponse bungweli limayamba lafunsa ngati munapita kaye ku kampani. Chigamulo chake chikapanda kukukomerani, lamulo limapereka njira yochitira apilo, kwina ku bwalo lapadera, kwina ku khoti. Apa ndi pomwe loya kapena bungwe loteteza ogula lingakuthandizeni, makamaka ngati ndalama yake ndi yaikulu. Vuto likakhala la dera lonse, monga thiransifoma yomwe yakhala yakufa kwa nthawi yaitali, lembani kalata imodzi yosainidwa ndi anthu ambiri. Imalemera kuposa mafoni a mmodzimmodzi.

Zinthu ziwiri zokha musazidikirire ndondomeko. Nthambo yogwa pansi, polo lopendekeka, kapena thiransifoma yothetheka moto, imbani foni ya zangozi nthawi yomweyo, ndipo ana ndi ziweto zisayandikire; nthambo yooneka yakufa imatha kukhala yamoyo kapena kuyakanso mwadzidzidzi. Chachiwiri, vuto la mkati mwa nyumba, kupitirira mita, ndi lanu, ndipo pamafunika wamagetsi wokhala ndi chiphaso. Mukamva kununkha kwa nthambo yopsa kapena khoma likamagwira shoko, zimitsani pa switchi yaikulu n'kumuitana.

Ngati mukuganiza zoika sola yolumikizana ndi nthambo za kampani, kapena kugulitsa magetsi kwa anansi, funsani kaye ku bungwe loyang'anira musanagule chipangizo chilichonse. Mayiko ena amalola kubweza magetsi otsala m'nthambo n'kukuchotserani pa bilu, ena sanafikepo, ndipo kugulitsa kwa ena kawirikawiri kumafuna chiphaso kapena kulembetsa. Kulumikiza sola kapena jenereta mwachisawawa kungathe kupha wantchito yemwe akukonza nthambo akuganiza kuti yathimitsidwa.

Ndikupempheninso, Mayi, kuti bungwe loyang'anira likadzalengeza msonkhano womva maganizo a anthu pa pempho la mitengo, mudzapiteko kapena mudzalembe kalata. Mafakitale akuluakulu amatumiza akatswiri awo nthawi zonse, pomwe mipando ya anthu wamba imakhala yopanda anthu, ndipo zomwe zanenedwa kumeneko zimalowa m'kaundula yemwe chigamulo chimayenera kuyankha. Pemphani chikalata cha pempholo pasadakhale, kawirikawiri chimaikidwa pa intaneti, ndipo muyambe kuwerenga pa tsamba la magetsi otayika, la ngongole zomwe kampani sinatolere, ndi la malonjezo a nyengo yapitayo.